Mafunso ndi mayankho: werengani kaye malo musanaike pulogalamu pa Kubernetes

Makalata ambiri amene afika mwezi uno akufanana. Munthu waika pulogalamu pa cluster, zakanika, ndiye pokhapo wayamba kufunsa ngati makinawo anali ndi malo. Tasankha asanu ndi atatu. Kwa inu amene mukuyamba kumene: Kubernetes ndi pulogalamu yoyang'anira mapulogalamu ena pa cluster, cluster ndi gulu la makompyuta ogwirira ntchito pamodzi, kompyuta iliyonse m'gululo imatchedwa node, ndipo pulogalamu imayenda mu pod, momwe mumakhala kontena imodzi kapena makontena angapo. Kontena ndi pulogalamu yokutidwa pamodzi ndi zonse zomwe imafuna kuti iyende.

Ndili ndi ma node atatu, iliyonse ili ndi CPU 4 ndi RAM ya 8Gi. Ndikalemba kubectl top nodes zikuonetsa kuti RAM yomwe ikugwira ntchito ndi pafupifupi 40 peresenti basi. Koma nditaika database yofuna 3Gi, pod yangokhala Pending, uthenga wake ukuti "0/3 nodes are available: 3 Insufficient memory". Kodi Kubernetes ikunama? — Bambo wa ku Namiwawa, Blantyre

Sikunama, bambo. Inu ndi scheduler mukuwerenga mabuku awiri osiyana. Lamulo la `kubectl top` limakuuzani RAM yomwe ikudyedwa panopo. Scheduler, yomwe imasankha node yoti pod ikhalepo, siyang'ana kumeneko ngakhale pang'ono. Imawerenga ma requests, kutanthauza kuchuluka kwa CPU ndi RAM kumene pod iliyonse inapempha kuti isungiridwe. Zili ngati basi yogulitsa matikiti pasadakhale: mipando mukuiona ilibe anthu, koma inagulidwa kale, ndipo kondakitala sangakukhazikeni pamenepo ngakhale eni ake atachedwa.

Buku la scheduler mumalitsegula ndi `kubectl describe node dzina-la-node`. Muli zigawo zitatu zofunika. Capacity ndi zonse zomwe makinawo ali nazo. Allocatable ndi zomwe zatsalira ma pod mukachotsa gawo la Linux, gawo la kubelet ndi containerd (mapulogalamu oyendetsa ma pod ndi makontena pa node iliyonse), komanso 100Mi yomwe kubelet imasunga ngati malire ake oyambira kuthamangitsa ma pod. Kumunsi kwenikweni kuli Allocated resources, ndipo mzere wa Requests ndiwo mukufuna. Chotsani Requests pa Allocatable, chotsalacho ndiye malo enieni a node imeneyo.

Kusiyana kwa Capacity ndi Allocatable kumadalira amene anamanga cluster. Google Kubernetes Engine imasunga 25 peresenti ya 4GiB yoyamba ndi 20 peresenti ya 4GiB yotsatira, choncho pa makina a 8GiB pafupifupi 1.8GiB imakhala itapita musanaike kanthu. Ngati munamanga nokha ndi kubeadm osasintha kalikonse, zimakhala mwina: palibe chomwe chasungidwira Linux ndi kubelet kupatula 100Mi ija. Nambalayo imaoneka yokoma, koma ndi yonyenga, chifukwa Linux ndi containerd zikudyabe RAM imene scheduler ikuganiza kuti ndi ya ma pod. Pa cluster yotere ikani `systemReserved` ndi `kubeReserved` mu fayilo ya kubelet, apo ayi muzichotsa nokha pafupifupi 1Gi pa node iliyonse mukamawerengera.

Pali chinthu chachiwiri chimene chimapusitsa ambiri. Tiyerekeze kuti node iliyonse ili ndi Allocatable ya 7400Mi, ndipo ma requests ndi 5200Mi pa yoyamba, 5600Mi pa yachiwiri, 5900Mi pa yachitatu. Zotsala ndi 2200Mi, 1800Mi ndi 1500Mi. Mukaphatikiza mupeza 5500Mi, n'kumati malo alipo ochuluka. Koma 3Gi ndi 3072Mi, ndipo pod siduka pakati. Iyenera kukwana yonse pa node imodzi, ndipo palibe node yomwe ili ndi 3072Mi. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 simungalikweze theka pa njinga iyi, theka pa njinga inayo, ngati simukuloledwa kulimasula. Nambala yofunika kuisunga m'mutu si ya malo onse pamodzi, koma ya dzenje lalikulu kwambiri pa node imodzi.

Pa vuto lanuli, kusiyana kwa 40 peresenti yodyedwa ndi ma requests opitirira 70 peresenti kukuonetsa kuti pali ma pod amene anapempha zambiri kuposa zomwe amadya. Mndandanda wa Non-terminated Pods mu `describe node` momwemo ukuonetsani amene anapempha kwambiri. Ayerekezeni ndi `kubectl top pods -A --sort-by=memory`, makamaka pa nthawi imene ntchito yachuluka, osati usiku anthu atagona, kenako tsitsani ma requests a amene akungosunga mpando. Scheduler siisamutsa pod yomwe ikuyenda kale kuti ipezere inzake malo, pokhapokha yatsopanoyo ili ndi PriorityClass yapamwamba, ndipo pamenepo imathamangitsa yaing'onoyo. Ndiponso werengani uthengawo mpaka kumapeto. Nthawi zina umati node imodzi ili ndi taint, chizindikiro choletsa ma pod wamba kukhalapo, monga ya control plane (node yoyang'anira cluster), kutanthauza kuti mwa ma node atatu mumawerengawo, ogwira ntchito ndi awiri okha.

Ndikufuna kuika pulogalamu yaikulu pogwiritsa ntchito Helm chart yomwe analemba ena. Ndingadziwe bwanji zomwe ifune ndisanaiike? — Mayi wa ku Area 47, Lilongwe

Mayi, funso limeneli ndilo tikanakonda kuti onse azifunsa. Helm chart ndi paketi ya mafayilo oikira pulogalamu pa cluster. Yambani ndi `helm show values` kuti muone zomwe mungasinthe, lembani fayilo yanu ya values, kenako mupange izi:

`helm template dzina chart -f values.yaml > zonse.yaml`

Lamuloli silikhudza cluster. Limangokulemberani zonse zomwe Helm ikanatumiza. Tsegulani fayiloyo, tengani pepala ndi cholembera, ndipo pa Deployment ndi StatefulSet iliyonse phatikizani ma requests a makontena onse a mu pod, n'kuchulukitsa ndi nambala ya replicas, kutanthauza ma pod ofanana amene apangidwe. DaemonSet ilibe replicas: imaika pod imodzi pa node iliyonse, choncho zomwe ikupempha muzichotse pa node iliyonse payokha. Ma init container wamba saphatikizidwa ndi anzawo chifukwa amayenda pod isanayambe ntchito. Kubernetes imatenga chachikulu pakati pa init container yaikulu kwambiri ndi makontena enawo ataphatikizidwa. Choncho init container yopempha 2Gi kwa masekondi khumi okha imasungitsa 2Gi kwa moyo wonse wa pod, ngakhale pulogalamu yeniyeniyo ikufuna 512Mi.

Tsopano zomwe pepala lanu silingaone. Ma chart ambiri amasiya `resources: {}`, popanda pempho lililonse. Masamu anu apereka ziro, pulogalamu ilowa bwinobwino, kenako idya zomwe ikufuna n'kupanikiza anzake. Mukapeza malo opanda kanthu otero, pitani ku zolemba za eni pulogalamuyo, muone zomwe akunena kuti imafuna, mulembe nokha ma requests. Chachiwiri, ngati chart ikuika operator, pulogalamu yomwe imapanga ndi kuyang'anira ma pod ena, chomwe mukuona mu fayilo ndi kapitawo yekha, antchito ake sanafike. Ma pod enieni a database kapena a Prometheus adzabadwa pambuyo pake, mukalemba chinthu chimene operator imawerenga, ndipo kukula kwawo kuli kumeneko. Chachitatu, ngati namespace yanu (chigawo chanu cha cluster) ili ndi Istio yomwe imalowetsa kontena yake mu pod iliyonse, onjezani 100m ya CPU ndi 128Mi ya RAM pa pod iliyonse ngati simunasinthe manambala ake oyambira. Pa ma pod 30 imeneyo ndi CPU 3 zathunthu ndi 3840Mi, zomwe sizikupezeka paliponse mu zonse.yaml.

Fufuzaninso mawu akuti `requiredDuringSchedulingIgnoredDuringExecution` pansi pa podAntiAffinity. Akakhalapo, ndipo topologyKey ndi ya hostname, ma replica atatu afuna ma node atatu osiyana. Mukakhala ndi awiri, yachitatu ikhala Pending ngakhale RAM itakhala mbwee.

Masamu akatha, yesani pa cluster penipeni musanaike pulogalamu yeniyeni. Pali image (paketi yomwe kontena imayambira) yaing'ono kwambiri yotchedwa pause, yomwe sichita kanthu koma kugona:

`kubectl create deployment yesa --image=registry.k8s.io/pause:3.9`

`kubectl set resources deployment yesa --requests=cpu=500m,memory=2Gi`

`kubectl scale deployment yesa --replicas=3`

Manambalawo ikani a pod yaikulu kwambiri ya pulogalamu yanu. `kubectl get pods -o wide` ikuonetsani ngati onse apeza pokhala ndi komwe akhala. Yankho limeneli lachokera kwa scheduler mwini wake, ndipo silinadye RAM yeniyeni. Mukamaliza musaiwale `kubectl delete deployment yesa`, chifukwa ma pod ogonawo akusungabe mipando.

Ziwiri zomaliza zimatenga mphindi imodzi. `kubectl auth can-i create customresourcedefinitions` ndi `kubectl auth can-i create clusterroles` zikuuzani ngati muli ndi chilolezo choika zinthu zokhudza cluster yonse. Ndipo `kubectl version` muiyerekeze ndi zomwe chart ikufuna: Ingress ya mtundu wa v1beta1 inachotsedwa mu Kubernetes 1.22, PodSecurityPolicy inachotsedwa mu 1.25, ndipo chart yakale yomwe ikuzitchulabe ikanidwa pakhomo.

Ndinalemba memory: 512m koma kontena ikukana kuyamba. — Wophunzira wa ku Zomba

Chilembo chimodzi chakugwetsani. "m" wamng'ono amatanthauza gawo limodzi mwa 1000. Pa CPU ndi woyenera: 500m ndi theka la core imodzi, 1000m ndi core yathunthu. Pa RAM, 512m ndi theka la byte imodzi. Mumafuna kulemba 512Mi. Palinso "M" wamkulu wopanda "i", yemwe ndi ma byte 1,000,000, pomwe Mi ndi 1,048,576. Kusiyanako ndi pafupifupi 5 peresenti, ndipo pakati pa G ndi Gi kumapitirira 7 peresenti. Sankhani Mi ndi Gi, muzigwiritsa ntchito zomwezo paliponse.

Pulogalamu yathu ya Java inalowa popanda vuto, koma imangofa n'kudzuka. Nthawi zina akulemba OOMKilled ndi nambala 137, nthawi zina imangozimitsidwa ikuyamba kumene. Node ili ndi malo ambiri. — Wowerenga wa ku Mzuzu

Apa pali matenda awiri, ndipo onse akuchokera ku limits, osati ku requests. Request imapezera pod pokhala. Limit ndi denga lomwe kernel ya Linux imakhazikitsa kontena ikayamba kuyenda, ndipo denga limeneli silisamala kuti node ili ndi malo otani.

RAM siimabwezeka mwaulemu. Kontena ikafika pa limit yake, kernel imaipha ndi signal 9, ndipo 128 kuphatikiza 9 ndiye 137 mukuionayo. Pa Java cholakwika chofala ndi kupereka `-Xmx` (denga la heap, RAM yomwe Java imasungiramo zinthu za pulogalamu) yofanana ndi limit. Heap si RAM yonse yomwe Java imadya. Pali metaspace, ma stack a thread iliyonse, ma buffer a netiweki ndi code yomwe yamasuliridwa kale. Mukaika limit ya 2Gi ndi heap ya 2Gi, kufa n'kosapeweka, kungodikira tsiku lotanganidwa. Chotsani `-Xmx`, ikani `-XX:MaxRAMPercentage=70` kapena 75. Kuyambira Java 10, ndiponso 8u191 pa mzere wa Java 8, JVM imaona limit ya kontena. Mukapanda kuiuza kanthu imangotenga 25 peresenti ya limit kukhala heap, zomwe zimabweretsa vuto lina: OutOfMemoryError mkati mwa Java, pomwe magawo atatu mwa anayi a RAM munalipira akungokhala.

CPU ndiye siipha, imangochedwetsa. Linux imagawa nthawi m'zidutswa za ma millisecond 100. Limit ya 500m imapatsa kontena ma millisecond 50 pa chidutswa chilichonse. Ngati Java ikuyamba ndi ma thread anayi pa ma core anayi nthawi imodzi, 50 ija imatha pa ma millisecond 12.5, kenako kontena imaimitsidwa kwa 87.5 otsalawo. Kuyamba komwe kumatenga masekondi 20 pa laputopu yanu kumatenga mphindi zingapo. Liveness probe, yomwe imaona ngati pulogalamu ili moyo, imagogoda, sikuyankhidwa, kubelet imaganiza kuti pulogalamu yafa n'kuiyambitsanso, ndipo zimazungulira choncho. Kudikira pakati pa maulendowo kumayamba pa masekondi 10, kenako 20, 40, mpaka mphindi zisanu, ndipo ndi zomwe mumaona zitalembedwa CrashLoopBackOff. Mankhwala ake ndi startupProbe yopatsa pulogalamu nthawi yokwanira yodzuka, komanso kukweza limit ya CPU. Ife pa mapulogalamu otere timakonda request ya CPU yoona, limit ya CPU yotakasuka kapena osaiika n'komwe, ndi request ya RAM yofanana ndi limit yake. Ena amatsutsa zochotsa limit ya CPU pa cluster yomwe magulu ambiri amagawana, ndipo ali ndi mfundo.

Kuti mudziwe matenda amene agwira ulendo uno, `kubectl describe pod` ikuonetsani Last State ndi chifukwa chake, ndipo `kubectl logs dzina --previous` ikupatsani mawu omaliza a kontena yomwe yafayo. Mukaona mawu akuti Evicted, imeneyo ndi nkhani ina: node yonse ndiyo inapanikizika, ndipo kubelet imayamba kuthamangitsa ma pod amene akudya kupitirira request yawo. Pod yopanda request iliyonse imakhala pamzere woyamba nthawi zonse.

CPU ndi RAM ndinawerengera bwino. Koma PVC yakhala Pending, ndipo pa node ina ma pod akuthamangitsidwa ndi DiskPressure. Maseva ndi athu, ali mu ofesi momwemo, intaneti yathu ndi ya 10 Mbps. — Bambo wa ku Chipata

Disiki ndi imene anthu amaiwala, chifukwa `kubectl top` siitchula. Pali madisiki a mitundu iwiri pano.

Woyamba ndi wosungira zinthu za pulogalamu, womwe PVC imapempha. Lembani `kubectl get storageclass`. Mukapanda kuona kanthu, palibe amene angapange volume, ndipo PVC idikira mpaka kalekale. Cluster ya kubeadm imabwera choncho, yopanda StorageClass. Mukaona mayina koma popanda lomwe lalembedwa kuti default pambali pake, chart iyenera kuuzidwa dzina loti igwiritse ntchito. Ngati mzere wa VOLUMEBINDINGMODE ukuti WaitForFirstConsumer, Pending si vuto: volume ipangidwa pod ikapeza node, ndiye vuto lili pa pod. Onaninso accessModes. Chart yofuna ReadWriteMany ikufuna disiki yomwe ma node angapo angalembepo nthawi imodzi, monga NFS kapena CephFS, ndipo disiki wamba ya pa node imodzi siingathe zimenezo.

Ngati muli pa K3s, mtundu wopepuka wa Kubernetes, yomwe imabwera ndi local-path, chenjerani. Imavomera PVC ya 100Gi pa disiki ya 40GB osafunsa, chifukwa imangopanga foda pa node ndipo siiyeza kukula kwake. Mudzadziwa tsiku lomwe disiki yadzaza. Ndiponso pod yoteroyo imamangiriridwa ku node yomwe kuli fodayo. Node ikafa, pod siingasamuke.

Wachiwiri ndi disiki ya node yeniyeniyo, momwe mumakhala ma image, ma log ndi emptyDir (mafoda osakhalitsa a pod). Lowani mu node iliyonse mulembe `df -h` pa /var/lib/containerd ndi /var/lib/kubelet, kapena /var/lib/rancher pa K3s, kenako `df -i` kuti muone ma inode. Pa manambala oyambira a Kubernetes, kubelet imayamba kufufuta ma image osagwiritsidwa ntchito disiki ikadzaza 85 peresenti mpaka itatsika pa 80. Imathamangitsa ma pod malo a ma image akatsala ochepera 15 peresenti, malo a node akatsala ochepera 10 peresenti, kapena ma inode akatsala ochepera 5 peresenti. Mitundu ina ya Kubernetes imasintha manambalawa, choncho onani anu. Pa disiki ya 40GB zikutanthauza kuti muli ndi 34GB, osati 40. Kukula kwa image komwe mumaona pa registry ndi kwa yopanikizidwa, ndipo ikamasulidwa pa node imatha kukula kawiri kapena kupitirira. Ma log nawo, kontena iliyonse imaloledwa mafayilo asanu a 10Mi, kutanthauza 50Mi, ndipo makontena 60 ndi pafupifupi 3Gi.

Mwachita bwino kutchula intaneti, chifukwa nayonso ndi chuma cha cluster. Image ya 1.5GB pa 10 Mbps imatenga mphindi 20 ngati palibe wina akugwiritsa ntchito laini. Node iliyonse imakoka yake, choncho ma node atatu ndi 4.5GB ndi ola lathunthu. Kubelet imakoka image imodzi imodzi pamzere mukapanda kuisintha, ndiye image yaikulu imatsekereza zazing'ono zonse kumbuyo kwake. Helm nayo ndi `--wait` imadikira mphindi zisanu zokha n'kunena kuti zakanika, pomwe palibe chalakwika. Kokanitu ma image madzulo ndi `crictl pull` pa node iliyonse, kapena imikani registry yanu mu ofesi momwemo kuti chinthu chimodzi chizidutsa pa laini kamodzi, ndipo perekani `--timeout 30m`.

Helm inati STATUS: deployed, koma kubectl get pods sikuonetsa pod ndi imodzi yomwe. Ndinali nditayesa kale ndi --dry-run=server ndipo zinadutsa. — Wowerenga wa ku Limbe

Popanda `--wait`, mawu akuti deployed amangotanthauza kuti API server yalandira mapepala. `--dry-run=server` nayo inayesa Deployment yokha. Ma pod amapangidwa pambuyo pake ndi ReplicaSet, ndipo scheduler siifunsidwa konse pa mayeso amenewo.

Pod yosaoneka n'komwe, ngakhale ngati Pending, nthawi zambiri yakanidwa pakhomo. Lembani `kubectl get events -n namespace-yanu` kapena `kubectl describe replicaset`, mupeza FailedCreate ndi chifukwa chake. Kawirikawiri ndi ResourceQuota, malire amene oyang'anira cluster anaikira namespace yanu. `kubectl describe resourcequota` ikuonetsa mizere iwiri, Used ndi Hard, ndipo kusiyana kwake ndiye malo anu, kaya ma node ali ndi malo ochuluka bwanji. Quota ikakhudza CPU kapena RAM, pod iliyonse yosatchula zimenezo imakanidwa, pokhapokha pali LimitRange yoikira manambala m'malo mwake. Iyonso muione ndi `kubectl describe limitrange`, chifukwa imatha kupatsa kontena yanu limit yaing'ono imene simunalembe. Uthenga ukatchula PodSecurity, ndiye kuti namespace siilola makontena oyenda ngati root kapena okhudza mafoda a node.

Tili pa Amazon EKS ku dera la Cape Town, ma node ndi t3.medium. RAM ndi CPU zilipo koma uthenga ukuti "Too many pods". — Mlongo wathu wa ku Johannesburg

Chiwerengero cha ma pod nachonso chili ndi denga. Pa Kubernetes wamba ndi 110 pa node. Pa EKS ndi netiweki yake yoyambira, pod iliyonse imatenga IP yeniyeni ya mu VPC (netiweki yanu ya ku Amazon), ndipo makina aliwonse ali ndi malire a ma IP. t3.medium imalola makhadi a netiweki atatu, lililonse ma IP 6. Imodzi pa khadi lililonse ndi ya khadilo, choncho 3 kuchulukitsa ndi 5, kuonjeza 2, ndi ma pod 17. t3.small ndi 11, m5.large ndi 29. Mwa 17 amenewo, aws-node ndi kube-proxy atenga kale awiri, ndipo DaemonSet iliyonse ya ma log kapena yoyang'anira imatenganso wake.

Onani denga lanu ndi `kubectl get nodes -o custom-columns=DZINA:.metadata.name,MAPOD:.status.allocatable.pods`. Njira zotulukira ndi makina aakulu, kapena kuyatsa prefix delegation, yomwe imapatsa khadi timagulu ta ma IP 16 m'malo mwa imodzi imodzi. Mukayatsa, ma node akale sasintha okha, muyenera kupanga atsopano okhala ndi max-pods yokwera. Yang'ananinso ma IP otsala mu subnet, chifukwa subnet yaing'ono ikatha, ma pod amakakamira pa ContainerCreating.

Nanga malo otsala azikhala ochuluka bwanji? Abwana akuti makina ogulidwa ndi ndalama azigwira ntchito yodzaza, osati kungokhala. Kuno magetsi amazima pafupipafupi. — Bambo wa ku Kasungu

Abwana auzeni mwaulemu kuti malo amene akuoneka ongokhalawo ali ndi ntchito ziwiri.

Yoyamba ndi yolandira ma pod a node yomwe yagwa. Node ikasiya kuyankha, Kubernetes imadikira masekondi 300 kenako n'kuyesa kuika ma pod ake kwina. Ngati kwinako kulibe malo, akhala Pending mpaka node itadzuka. Masamu ake ndi osavuta: pa ma node ofanana atatu, ma requests onse asapitirire magawo awiri mwa atatu a Allocatable, pafupifupi 66 peresenti. Pa awiri ndi 50 peresenti, pa asanu ndi 80. Apa ndi pomwe makina ang'onoang'ono ambiri amapambana aakulu ochepa, bola pod yanu yaikulu kwambiri izikwana pa aliwonse. Ndipo nambala ya peresenti yokha siikwanira, muonenso kuti node ikachoka, dzenje lokwana pod yaikuluyo lipezeka pa otsalawo.

Yachiwiri ndi ya tsiku losintha pulogalamu. Deployment ikamasintha, imaloledwa kuonjeza ma pod 25 peresenti pamwamba, ndi kuchepetsa 25 peresenti pansi. Yoonjezayo imakwezedwa kufika pa nambala yathunthu, yochepetsayo imatsitsidwa. Pa ma replica atatu, 0.75 imakhala pod imodzi yoonjezera ndi ziro yochotsa. Ndiye kuti pod yatsopano iyenera kupeza malo akale onse atatu akadali pomwepo. Cluster yodzaza thothotho imaika pulogalamu bwinobwino tsiku loyamba, koma tsiku lokonza cholakwika mwachangu, kusinthako kumangoima. Ngati malo palibiretu, ikani maxSurge (yoonjeza ija) pa 0 ndi maxUnavailable (yochepetsa ija) pa 1, podziwa kuti pa nthawiyo mukhala ndi pod imodzi yochepa.

Zimenezi musazikhulupirire papepala pokha. Sankhani nthawi yomwe anthu ndi ochepa, mulembe `kubectl drain dzina-la-node --ignore-daemonsets --delete-emptydir-data`, podziwa kuti zomwe zili mu emptyDir zifufutika, ndipo muone ngati pali pod yomwe yatsala Pending. Mukatha, `kubectl uncordon`. Chitani zimenezi pa node yomwe yasenza kwambiri, osati yopepuka.

Za magetsi, pali zinthu ziwiri zoonjezera. Magetsi akabwera, ma pod onse amadzuka nthawi imodzi ndipo onse amafuna CPU yochuluka kuposa ya masiku onse, choncho cluster yomwe imayenda bwino masana imatha kulephera kudzuka. PriorityClass yapamwamba pa database ndi zinthu zina zomwe anzake amadalira imathandiza kuti zipeze malo poyamba node ina ikachedwa kudzuka. Chinacho ndi control plane. kubeadm imakana kuyamba pa makina ochepera CPU 2 ndi RAM ya 1700MB, koma chimene chimavutika kwambiri ndi etcd, nkhokwe yosungira mbiri yonse ya cluster, yomwe imafuna disiki yofulumira, makamaka SSD, ndipo siikondwera ndi kuzimitsidwa mwadzidzidzi ili mkati molemba. Ngati UPS ndi imodzi yokha, ipite kumeneko. Mukakhala ndi mamembala atatu a etcd, awiri ayenera kukhala amoyo kuti cluster ilandire malamulo, ndiye musawalumikize onse ku UPS imodzi kapena switch imodzi.

Node yomwe inagwa ikadzuka, ma pod amene anasamuka sabwerera okha. Mupeza ma node awiri atadzaza, wachitatu ali ndi ma DaemonSet okha. Musanaike pulogalamu ina, pangani `kubectl rollout restart deployment` pa mapulogalamu aakulu kuti scheduler iwagawenso, kenako muwerengenso Allocated resources pa node iliyonse.